Mlamba wa Abiti Mohamedi

Ine ndine Modester. Ndinayamba kugulitsa nsomba zouma mumsika wa Balaka ndili ndi mwana woyamba kumbuyo, lero ndili ndi zidzukulu. Koma nkhani iyi si yanga. Ndi ya mnzanga Lukiya, amene anthu ankamutchula kuti abiti Mohamedi, monga achitira Ayao poitana mkazi ndi dzina la bambo ake. Benchi lake linali logundana ndi langa. Ine ndinkapikula usipa ndi matemba kwa ena, pamene iye ankawamba yekha mlamba wa ku Chiuta n'kubwera nawo pa sitima ya anthu. Anamwalira chaka chatha, ndiye zimene anandiletsa kunena tsopano ndikhoza kuzinena.

Kwawo kunali kumunsi kwa Chikweo, kumene msewu wake mvula ikagwa ngakhale njinga imakana. Mwamuna wake anapita ku Joni ana ali aang'ono. Poyamba ankaimba foni, kenako foniyo inayamba kuyankhidwa ndi mkazi wina. Lukiya sanalire nthawi yaitali. Anali ndi ng'anjo yadothi imene amayi ake anamusiyira, waya woyalapo nsomba, ndi dzina labwino mumsika. Dzinalo ndi limene linadyetsa ana ake ndi kuwaveka mpaka anakula.

Amene sanagulitseko nsomba sangamvetse zimenezi. Mlamba wowamba ukakhala pabenchi umafanana wonse, wakuda, wopindika, mchira kukamwa. Wogula sangalawe. Amagula munthu amene wakhala kuseri kwa benchiyo. Ku Balaka kuno akazi a maofesi ankatuma antchito kuti akagule wa abiti Mohamedi, akapeza watha abwerere chimanjamanja. Mlamba wake unkauma mpaka kufupa koma osapserera, unkasungika osachita nguwi, ndipo ukauphika ndi tomato msuzi wake sunkafuna mafuta. Ine nsanje ndinali nayo, sindikana, koma inkandithera pakamwa ndikadya.

Chinsinsi chake chinali nkhuni. Lukiya ankadziwa mitengo ndi utsi wake monga mayi adziwa ana ake ndi kaliridwe kawo. Ankadziwa wopatsa moto, wopatsa mtundu, ndi wowononga nsomba ngati bulugama. Koma owamba nsomba saululirana nkhuni. Ndi mwambo wawo, mayi amauza mwana wake wamkazi yekha basi. Tsiku lina ndinamufunsa kuti amasakaniza mitengo yanji.

Anandiyang'ana cham'mbali n'kuseka. "Amake Dorica, mwamuna woyamba ananditengera a ku Joni. Nkhuni zanga ndiye mwamuna wanditsalira. Mukufuna mundilandenso ameneyu?"

Sindinafunsenso, ndipo mwambo umenewo lero ndimautukwana.

Mitengo inatha tikuona. Otentha makala anamaliza mapiri, owotcha njerwa anamaliza za m'madimba, kenako anthu anayamba kudula mango amene agogo awo anadzala. Kunkhalango ya boma ukapezeka ndi nkhwangwa amakulanda ndi njinga yomwe. Owamba nsomba anayamba kuwambira zitsononkho, tsekera ndi mankhusu a mpunga. Moto wa zimenezo ndi wachiphamaso, umalilima n'kuzima, nsomba n'kupsa kunja m'kati muli madzi. Anzake a Lukiya anazolowera kugulitsa zoterozo. Iye zinkamudwalitsa mtima. Ankati bola kusiya ntchito kusiyana ndi kuti munthu atsegule mlamba wake apeze mphutsi.

Nthawi imeneyo n'kuti sitima za malasha zitayamba kudutsa. Malasha ndi miyala yakuda ija yoyaka, yokumba pansi pa nthaka, osati makala athu a mitengo. Sitimazo zimachokera ku Mozambique, zimadutsa ku Nkaya ndi ku Liwonde, n'kutulukanso ku Nayuchi kupita kunyanja yamchere. Ndi zazitali zoti ukaima pa mphambano kudikira kuti idutse, mwana akhoza kuyamwa n'kugona. Mabogi ake ndi osavundikira, ndiye m'malo okhota timiyala tina timagwera m'mbali mwa njanji. Amayi a midzi ya m'mbali mwa njanjiyo ankatola.

Lukiya anatola koyamba akudikira sitima ya anthu, anangomanga pang'ono pa nsonga ya chitenje. Izi zonse anandiuza pambuyo pake, zinthu zitaonongeka kale. Kunyumba anayesa pa mbaula panja. Anavuta kuyaka, ndipo atayaka anatulutsa utsi wonunkha phula la pamsewu. Koma iye anali munthu wodekha pa moto. Anadikira, utsi uja unatha, panatsala moto wofiira wopanda lawi umene unakhala nthawi yaitali kuposa nkhuni iliyonse imene ankaidziwa.

Apa mpamene anapeza njira yake. Ankayatsa malasha m'ng'anjo muli mopanda kanthu, n'kudikira mpaka utsi wonse utathe. Akatero ndiye ankayala nsomba pa waya, n'kumaponya pamoto tizidutswa ta mango ndi zitsononkho kuti apeze fungo ndi mtundu. Malasha ankapereka kutentha, mtengo unkapereka utsi. Mtolo wa nkhuni umene kale unkatha tsiku limodzi tsopano unkamufikitsa kutali. Mlamba unabwerera mwakale, mwinanso kuposa. Pamene anzake ankabweretsa zofewa zonunkha, iye benchi lake linkayera dzuwa lisanafike pamutu. Sanauze munthu, ngakhale ine. Kwanga kunali munthu wodziwa malasha, amuna anga a Elliam, amene anagwira ntchito kumgodi ku Rumphi asanabwere kudzasonkhezera ng'anjo za laimu kuno. Lukiya ankadya kwathu, ankawapatsa moni a Elliam, osatchula kanthu.

Chaka chimene zinavuta, mwezi wa Ramazani unagwa kumapeto kwa dzinja. Mvula inali isanaleke, nkhuni zochepa zimene zinalipo zinali zonyowa, ndipo m'mbali mwa njanji otola anali atachuluka moti munthu unkayenda mtunda wautali osadzaza kambale. Mlamba ku Chiuta unali wambiri. Ndiye kunabwera Zubairu, wamalonda wina woyenda ndi katundu pakati pa Balaka ndi Ntaja, ali ndi matumba a malasha. Anawapeza pa mulu umene owotcha laimu ena anautaya kuseri kwa ng'anjo zawo. Sanafunse chifukwa chimene anautayira. Lukiya anagula matumba awiri, n'kumuuza kuti ndi owotchera njerwa.

Mkazi amene ankatha kusiyanitsa mitengo ndi fungo la khungwa lokha sanaganize kuti miyala nayo ili ndi mitundu. Kwa iye mwala wakuda unali mwala wakuda.

Anagula mlamba wambiri kuposa masiku onse, poti m'mwezi wosala anthu amafuna ndiwo yabwino yomasulira. Anautumbula, anaupinda, anayatsa ng'anjo masana. Malasha aja anayaka monyinyirika. Anadikira kuti utsi uthe, koma sunkatha, unkangotuluka woyera mopyapyala. Nsomba zinali zitayamba kufewa m'madengu ndipo ntchentche zinali zitazungulira. Akanadikirabe zikanaola zonse. Anaziyala pa waya. Utsi uja unkamutsokomoletsa, koma owamba nsomba amatsokomola masiku onse, ndipo mphuno zawo zinafa kalekale ndi utsi.

Panali chinthu chimodzi chimene chikanamupulumutsa. Lukiya sankalongedza nsomba asanabenthule mchira wa imodzi n'kulawa. Koma moto uja unali waulesi. Nthawi yomasula nsomba zinali zikadali zaziwisi, nthawi ya chakudya cha m'bandakucha zinali zisanaume. Zinapsa dzuwa litatuluka, iye atayamba kale kusala, ndipo wa njinga anali ataima pabwalo kuti akapeze sitima. Anaziyang'ana ndi maso okha. Zinali zokongola kuposa zonse zimene anawambapo, zakuda, zonyezimira ngati nsapato yopolisha.

Madengu anagona omanga, anadzawamasulira pabenchi kutacha. M'mawa umenewo mumsika zinayenda ngati moto. Ine ndinaziyamikira ndi pakamwa panga. Fungo lachilendo ndinalimva pang'ono, koma mzere wa nsomba uli ndi mafungo ambiri, ndipo pafupi pathu wina ankakonza njinga yamoto.

Anayamba kubwerera nthawi ya nkhomaliro itangodutsa. Woyamba anali mayi wina atanyamula poto ndi chigwiriro, anangofika n'kukhuthula ndiwo patsogolo pa benchi. Anati mwana wake wasanza. Wachiwiri anali a Raymond, kalaliki wopuma ntchito amene anagula kwa Lukiya kuyambira kale, munthu wa tayi ngakhale kukutentha. Sanakalipe. Anaika kapepala ka nsomba pabenchi n'kunena kuti lilime lawo lachita dzanzi ndipo nyumba yonse ikununkha machesi. Anthu anayamba kusonkhana. Lukiya anaimirira, anatenga mlamba umodzi, anaununkhiza, anaubweretsa pafupi ndi milomo, n'kukumbukira kuti akusala. Anaubweza pabenchi. Anthu anaona kuti mwini wake wakana kudya nsomba zake.

Kenako mnyamata wina wa kabaza, amene sanagule n'komwe, analoza ndi chala. "Taonani, pa mabenchi onsewa pali ntchentche. Apa pokha sizikutera."

Zinali zoona. Ndipo ku Balaka aliyense anamvapo mphekesera yoti ogulitsa nsomba ena amathira mankhwala osungira mitembo kuti zisaole, ndi kuti chizindikiro chake ndi ntchentche kuthawa. Sindikudziwa amene anatchula mawuwo koyamba. Ndinangomva akuyenda m'khamu, mankhwala a ku mochale, mankhwala a ku mochale. Mayi wina anamulavulira Lukiya. Wina anakoka dengu n'kulitaya m'matope. Ine ndinaima kutsogolo kwake ndikutukwana aliyense amene ndinkamudziwa dzina, mpaka akuluakulu a msika anabwera n'kutenga nsomba zonse kukazikwirira kudzala. Lukiya anangogwira m'mphepete mwa benchi, milomo itauma.

Sabata yotsatira anabwera kwathu wopanda dengu. Anakhala pamkeka pakhonde, anamasula nsonga ziwiri za chitenje, n'kuika miyala patsogolo pa a Elliam, ina uku ina uku. Anafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, maso ali pansi.

A Elliam anatola wa kunjanji, anauphwanya ndi zala. Unali wopepuka, wonyezimira, unasweka timagawo tosalala. "Awa ndi aja amapita kunja kukasungunulira zitsulo," anatero. "Abwino kwambiri, otsukidwa kale. Mwayi wanu unali umenewo, abiti Mohamedi. Munayambira pamwamba."

Anatola wa Zubairu n'kuuyeza m'dzanja. Unali wolemera, wotuwa, wosanyezimira. Anaumenya ndi mpeni wakukhitchini, n'kutionetsa timadontho tachikasu m'kati mwake. "Awa kumgodi tinkawasankha ndi manja n'kuwataya. Theka ndi mwala wamba. Tachikasuti ndi timene timanunkha machesi, ndipo sitisiya kufuka mpaka moto uzime. Pansi pamakhala mizere, wina wabwino, wina wapakati, wina zinyalala, zonse mu dzenje limodzi. Athu a ku Rumphi abwino ake amapita ku mafakitale, kukatentha maboyila ndi simenti. Aliponso ku Karonga, ena akuti ali ku chigwa cha Shire osakumbidwa. Koma ngakhale abwinowo, ine sindikanakulolani kuikapo chakudya."

Anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chimene anabwera nacho kumgodiko. Atapuma anafunsa mofatsa kuti, "Nanga osandifunsa bwanji? Mumadya m'nyumba muno."

Lukiya anati, "Amayi anandiuza kuti nkhuni sauza munthu."

Pali anthu amene ndikawafotokozera amathamangira kunena kuti safunsa anadya phula. Amenewo ndimafuna kuwamenya ndi chipande. Malasha akudutsa pakhomo pathu usana ndi usiku, mabogi osawerengeka, fumbi lake likugwera pa chinangwa chimene amayi ayanika, koma palibe anabwerapo kudzatiuza kuti chinthuchi ndi chiyani, chili ndi mitundu ingati, choopsa chake n'chotani. Munthu watha mitengo, waona chinthu choyaka chagwa panjira, mukuti achite chiyani?

Tinapita naye kwa akuluakulu a msika, a Elliam atanyamula miyala ija. Anamvetsera, anagwedeza mitu, anamulola kubwerera pabenchi. Koma choonadi chija chitatuluka pakhomo la ofesi chinasanduka china. Ena ankati wavomera yekha kuti amawambira miyala ya sitima. Ena ankati miyalayo ndi yongophimbira nkhani ya ku mochale. Ambiri anangophatikiza zonse ziwiri. Ana a sukulu podutsa pa mzere wathu ankatseka mphuno.

Lukiya anabwerera kwawo n'kuphwasula ng'anjo ya amayi ake, poti dothi lake linali litamwa fungo. Anaumba ina, anagula waya watsopano. Anadula mango wa pabwalo pake, womaliza, umene ana ake anakulira pansi pake. Anawamba mlamba ndi mtengo wokhawokha, ndipo ndikunena pamaso pa Mulungu kuti sindinadyepo wina woposa umenewo. Anauyala pabenchi m'mawa. Anthu ankafika, n'kuona nkhope yake, n'kupitirira. Ramazani inali itatha, ndiye anatenga mlamba umodzi n'kuyamba kudya pomwepo, wouma, wopanda madzi, akuyang'ana odutsa. Anamaliza, anatenga wina. Mayi wina anauza mnzake mokweza kuti amene amathira mankhwala amadziwa imene sanathire. Dzuwa linapendeka asanagulitse ngakhale mutu.

Anayesanso ulendo wina, ndi winanso. Ulendo womaliza, poona kuti nsomba zibwerera, ndinatenga dengu lake n'kukhuthulira pabenchi langa, iye n'kukakhala kuseri kwa matumba a mchere kuti apume. Sipanapite nthawi a Raymond anafika. Anatola mlamba umodzi, anaununkhiza, anauthyola pang'ono.

"Mayi, uwu mwautenga kuti?"

Ndinati kwa mayi wina wa ku Chilwa.

"Ameneyo ali ndi manja," anatero a Raymond. "Abiti Mohamedi akanakhala munthu, akanapita kukaphunzira kwa ameneyu m'malo motidyetsa za mitembo."

Anagula itatu. Dzuwa lisanalowe dengu lonse linali litatha. Ndinapita kuseri kwa matumba kuja mtima ukuwira, ndikufuna kukawathamangira a Raymond ndi kuwauza. Lukiya anandigwira mkono. Anali atamva zonse.

"Iyayi, amake Dorica. Mukanena, mawa ndi benchi lanu adzalithawa. Ana anga adya chiyani? Anu adya chiyani? Lumbirani kuti simudzanena ndili moyo."

Ndinalumbira. Kuyambira pamenepo sanapondenso mumsika wa Balaka. Benchi lake anatenga wina wogulitsa bonya. Iye ankawamba kwawo, nkhuni akugula zodula kwa obwera nazo mobisa, n'kutumiza madengu pa sitima, ine n'kukalandira ku siteshoni. Mlamba wa mayi wa ku Chilwa unatchuka. Akazi a maofesi anayambanso kutuma antchito. Anthu omwe aja anamulavulira ankandifunsa dzina la mayiyo kuti amutumizire moni, ine n'kumati ndi wamanyazi.

Ndikamuimbira foni kumuuza kuti katundu wafika, funso lake linali limodzi. "Akuti bwanji?"

"Akuti ndi wabwino."

"Alihamudulillahi," ankatero, kenako n'kukhala chete kanthawi ngati akudikira mawu ena. Ine ndinalibe ena oti ndimuuze, ndipo kukhala chete kumeneko kunkandipweteka kuposa matukwano a tsiku lija.

Ndinakamuona kamodzi atayamba kudwala. Anali ataonda, maso ofiira, akupuma ngati wakwera phiri. Kuchipatala anamuuza kuti asiye utsi. Anaseka n'kuwafunsa ngati ali ndi ntchito ina yoti amupatse. Mwana wake wamkazi, Sumaiya, anakana kuphunzira kuwamba. Anati waona zimene ntchitoyo yawachita amayi ake, ndipo Lukiya sanamukakamize. Uthenga wa maliro unandipeza ndili pabenchi. Asilamu sachedwetsa maliro, ndiye pofika ku Chikweo ndinapeza amuna abwerako kale kumanda.

Mlamba wabwino unatha pabenchi langa. Ndinayamba kupikula wa ena, wofewa, wa utsi wa udzu. A Raymond anabwera, tsopano akuyenda ndi ndodo, anatola umodzi n'kuubweza. Anafunsa kuti mayi wa ku Chilwa uja watani.

Ndinali nditadikira funso limenelo zaka zonsezi. Ndinaimirira kuti ndi a mabenchi oyandikana amve. Ndinawauza kuti kunalibe mayi wa ku Chilwa. Ndinati mlamba wonse umene akhala akudya, umene ankauyamikira, umene ankatumiza kwa ana awo ku Lilongwe, anawamba ndi abiti Mohamedi, ndipo anamuika m'manda mwezi watha. Ndinafotokoza za malasha a mitundu iwiri, za kusala, za mango wa pabwalo. Ndinkalira ndikuyankhula.

A Raymond anamvetsera mpaka kumapeto. Anayang'ana nsomba, anayang'ana ine. Kenako anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta zala zimene anagwirira mlamba uja, chimodzichimodzi.

"N'chifukwa chake," anatero. "Zaka zonsezi m'mimba mwanga simunkayenda bwino."